Mpondamatiki wa pizza amene anadzutsa timu yakufa

Munthu akatenga mpamba wake n'kukapikula tomato woti wayamba kale kuchucha, anzake pamsika samunena pamaso ayi. Amangokodolana, wina n'kumati ndalama zamuyabwa, wina n'kumati achimwenewa awadyetsa. Zoterezi zikanatha kunenedwa za bambo Mike Ilitch a mumzinda wa Detroit ku America m'chaka cha 1982, pamene anapisa m'thumba n'kutulutsa madola pafupifupi 8 miliyoni kugula timu ya Detroit Red Wings.

Timuyo inali itaola kale. Dzina lake limatanthauza mapiko ofiira, koma anthu a mumzindamo anali ataipatsa dzina lachipongwe loti Dead Wings, ndiye kuti mapiko akufa. Chikho inali itachinyamula komaliza mu 1955. Pa zaka 16 zotsatizana inangofika m'ndime yachipulula kawiri kokha. Bwalo lake la Joe Louis Arena linali lolowa anthu pafupifupi 20,000, koma amene anali ndi matikiti a chaka chonse anali ngati 2,100 basi. Mipando inkangokhala pululu.

Wogulayo sanali katswiri wa masewerawo. Anali munthu wa geni ya chakudya, woyambira pa kasitolo kamodzi iye ndi mkazi wake. Koma pomwe ankamwalira mu 2017, timu yakufa ija inali itatenga chikho kanayi ndipo mtengo wake unali utapitirira madola 600 miliyoni. Zinatheka bwanji? M'nkhaniyi muli banyira, muli buku la ndalama, muli kuluza, muli kudikira zaka 15, komanso muli funso la msonkho lomwe mpaka lero anthu a ku Detroit sanamvanepo chimodzi.

MASEWERA AKE NDI OTANI?

Tisanapite patali tiyambe tamvana za masewerawa. Dzina lake ndi hockey wa pa madzi oundana. Bwalo lake si la kapinga kapena fumbi, koma ndi madzi oumitsidwa ndi makina mpaka kulimba gwa ngati simenti, poterera kuposa therere. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, ndiye amatsetsereka liwiro loopsa atagwira ndodo zokhota kumapeto. Cholimbirana ndi kalabala kakuda kophwatalala kokwana m'chikhatho, komwe amakatcha puck. Mbali iliyonse kumakhala anthu 6 kuphatikizapo goloboyi, ndipo amasewera zigawo zitatu za mphindi 20. Kugundana ndi thupi n'kololedwa, moti si zachilendo kuona katswiri akumwetulira mano akutsogolo mulibe.

Ligi yaikulu ya masewerawa ndi National Hockey League, mwachidule NHL, momwe muli matimu a ku America ndi Canada. Chikho chake ndi Stanley Cup, chomwe chinayamba kuperekedwa mu 1893, ndipo maina a opambana amawazokota pachikho pomwepo. Timu ya mu NHL ndi bizinesi ya munthu. Mwini wake ndiye amalemba mabwana oyendetsa timu, amalipira osewera, amagulitsa matikiti, ndipo eni matimu onse ndi amene amakhala pansi n'kumanga malamulo a ligi. Zikavuta, ngongole ndi yake.

MWANA WA OBWERA

Mike Ilitch anabadwa pa 20 July 1929 ku Detroit konko. Makolo ake, a Sotir ndi a Sultana, anali obwera kuchokera ku Macedonia, dera la kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya. Bambo ake ankagwira ntchito ku kampani ya magalimoto ya Chrysler, paja Detroit ndiye kuchimake kwa magalimoto a ku America.

Mtima wa mnyamatayu sunali pa fakitale. Unali pa baseball, masewera omenya kampira ndi chibonga omwe anthu a ku America amawakonda kwambiri. Atamaliza sukulu pa Cooley High School anakakhala zaka zinayi ku usilikali wa Marines, ndipo atabwerako timu ya kwawo ya Detroit Tigers inamutenga n'kumutumiza ku matimu ake aang'onoang'ono kuti akakhwime. Anasewera m'matimu aang'onoang'ono osiyanasiyana kuyambira 1952 mpaka 1955 osakwezedwa kupita ku timu yaikulu. Kenako anavulala mwendo, za baseball n'kuthera pomwepo.

Apa n'kuti ali ndi zaka 26. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo kugulitsa katundu wa eni, monga mbale ndi zina za panyumba. Aliyense amene anayendapo ndi katundu m'makomo mwa anthu akuidziwa sukulu imeneyi: akukane anthu khumi kuti ugulitse kwa mmodzi, ndipo wakukana dzuloyo mawa um'patsenso moni uku ukumwetulira.

Mu 1955 momwemo anakwatira Marian Bayoff, nayenso mwana wa obwera a ku Macedonia, yemwe ankagwira ntchito yosungitsira anthu malo m'ndege ku kampani ya Delta. M'kupita kwa nthawi banjali linabereka ana 7. Dzina la mayiyu mulisunge, chifukwa popanda iwo nkhaniyi bwenzi kulibe.

AWIRI PAMTENGO WA IMODZI

Pa 8 May 1959 banjali linatenga madola 10,000, ndalama zonse zomwe linasunga, n'kutsegula kasitolo ka pizza ku Garden City, kunja pang'ono kwa Detroit. Pizza ndi chakudya chochokera ku Italy, chibuledi chopyapyala chozungulira ngati lichero, pamwamba pake n'kupakapo tomato, tchizi ndi nyama, kenako mu uvuni. Pa za dzina panali kukokana. Bambo ankafuna Pizza Treat. Mayi ankafuna dzina lomwe ankawatchula nalo amuna awo, loti Little Caesar, ndiye kuti Kaisara wamng'ono. Mapeto ake anangolumikiza, sitolo n'kukhala Little Caesar's Pizza Treat. Lero dzina lomwe latsala pa zikwangwani ndi la mayi lija, Little Caesars.

Ntchito anagawana bwinobwino. Bambo ku uvuni ndi kukopa makasitomala, mayi ku buku la ndalama. Mayi Marian ndiwo ankayang'anira zolowa ndi zotuluka kuyambira pa kasitolo kamodzi kaja mpaka bizinesi itakula kukhala chimphona. Mutu umodzi susenza denga, ndipo geni yopanda wowerengera ndalama imafa mwini wake akuganiza kuti zikuyenda.

Maziko a bizinesi yawo anali akuti kasitomala agule, anyamule, akadyere kunyumba. Palibe za matebulo ambirimbiri, palibe mawetala, malo ochepa, lendi yochepanso. Zomwe ankapulumutsa pamenepo ankazichotsera pamtengo.

Mu 1962 anayamba kubwereketsa dzina. Munthu wina anatsegula sitolo yake ku Warren, ndi ndalama zake, koma pogwiritsa ntchito dzina ndi kaphikidwe ka Little Caesars, n'kumalipira eni dzina gawo la zomwe wagulitsa. Mwanjira imeneyi masitolo anachuluka pa mpamba wa anthu ena. Banjali linakhalanso ndi kampani yakeyake yoperekera katundu wophikira m'masitolo amenewo, yotchedwa Blue Line. Ndiye kuti ankadya kawiri: pa dzina komanso pa oda.

Chomwe chinawatchukitsa dziko lonse chinabwera mu 1979. Anayamba kugulitsa mapizza awiri pamtengo womwe anzawo ankagulitsira imodzi, mfuu yake ili "Pizza! Pizza!" Uyu ndi banyira uja mumam'dziwayu, kungoti wamkulu. Phindu pa pizza imodzi linali lochepa, koma katundu akamatuluka wambiri, ufa ndi tchizi umaoda pamtengo wotsika, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Pomwe a Ilitch ankamwalira, Little Caesars inali nambala 3 pa makampani a pizza ku America, kumbuyo kwa Pizza Hut ndi Domino's.

Nanga hockey analowa bwanji? Kuyambira mu 1968 a Ilitch anayamba kulipirira matimu a ana a hockey m'dera la Detroit. Chinali chifundo, inde, koma chinalinso nzeru. Mwana akavala yunifomu yolembedwa Little Caesars, makolo pochoka kubwalo sasowa kokagula chakudya.

GALIMOTO PA MPIKISANO ULIWONSE

Red Wings anaigula kwa Bruce Norris, yemwe banja lake linakhala ndi timuyi kuyambira mu 1932. M'zaka za m'ma 1950, nthawi ya katswiri Gordie Howe, inali timu yoopsa yomwe inatenga chikho kanayi. Koma pofika 1982 zonsezo zinali mbiri yakale ya agogo.

Vuto loyamba linali mipando yopanda anthu. A Ilitch anachita zomwe ankadziwa: banyira. Pa mpikisano uliwonse wa pakhomo ankachititsa mwayi, wina mwa olowa m'bwalo n'kubwerera kunyumba ndi galimoto yatsopano. Timu iluze bwanji, munthu anali ndi chifukwa chogulira tikiti.

Koma mkuluyu ankadziwa zomwe wogulitsa aliyense amadziwa. Banyira amaitana kasitomala kamodzi, chomubweza kachiwiri ndi katundu wabwino. Ndipo katundu wa hockey iwo sankadziwa kusankha kwake. Ndiye anakatenga odziwa. Munthu woyamba kumulemba anali Jim Devellano, yemwe anathandiza kusankha osewera a New York Islanders, timu yomwe panthawiyo inali itangotenga chikho katatu kotsatizana. Anamuika kukhala bwana woyendetsa timu.

Mu NHL osewera achisodzera sagulidwa mwachisawawa. Chaka chilichonse matimu amakumana n'kumasankha anyamata mosinthanasinthana, ndipo matimu omwe achita moipa ndiwo amayamba kusankha. Mu 1983 Detroit inali yachinayi pamzere, ndipo Devellano analoza mnyamata wa zaka 18 wa ku Canada, Steve Yzerman. Mnyamata ameneyu anadzasewerera Red Wings mpaka 2006 osapitako kwina.

CHIKWAMA CHITALEPHERA

Munthu wozolowera kuti pizza imapsa mphindi zochepa, kudikira kumamuvuta. Mu 1985 a Ilitch anatsegula chikwama kuti afupikitse njira. Anagula anyamata angapo a m'makoleji omwe matimu ena sanawasankhe, pamitengo yomwe inadabwitsa ligi yonse, n'kuwonjezera ena akaleakale. Zotsatira zake zinali zochititsa manyazi. Pa mipikisano 80 ya nyengo ya 1985 mpaka 1986, Red Wings inapambana 17 yokha, n'kugonja 57. Inathera pansi penipeni pa ligi, ndipo makochi awiri anachotsedwa ntchito.

Apa ndi pomwe ambiri amataya mtima n'kugulitsa benchi. A Ilitch sanagulitse, komanso Devellano sanamuthamangitse. Analemba kochi watsopano, Jacques Demers, yemwe anapereka ukaputeni kwa Yzerman ali ndi zaka 21 zokha. Mu 1987 ndi 1988 timuyi inafika m'ndime ya matimu anayi omaliza, ngakhale kuti maulendo onse awiri inakagwa m'manja mwa Edmonton Oilers ya katswiri Wayne Gretzky. Anthu anayamba kudzaza bwalo chifukwa cha masewera, osatinso galimoto.

KUKAODA KOMWE ENA AKUOPA

Msika ukadzaza ndi katundu wofanana, wanzeru amafunsa komwe anzake sakufika. M'zaka zimenezo akatswiri ambiri a hockey anali m'maiko a chikomyunizimu monga Soviet Union ndi Czechoslovakia, komwe boma silinkalola wosewera kungonyamuka kukasewera ku America. Matimu ambiri ankaona kuti kusankha mnyamata wa kumeneko n'kutaya mwayi, chifukwa mwina sadzabwera n'komwe.

Detroit inalimba mtima. Mu 1985 akuluakulu a timuyi anathandiza Petr Klima wa ku Czechoslovakia kuthawa timu ya dziko lake ili pa ulendo ku West Germany. Mu 1989, pa tsiku limodzi losankha osewera, inatenga Nicklas Lidstrom wa ku Sweden, komanso Sergei Fedorov ndi Vladimir Konstantinov a ku Soviet Union. Mu July 1990 timu ya Soviet Union itafika mumzinda wa Portland ku America, Fedorov, ali ndi zaka 20, anazemba anzake n'kukwera ndege ya a Ilitch ulendo wa ku Detroit. Konstantinov anatsatira mu 1991.

Mu 1993 a Ilitch analemba kochi Scotty Bowman, nkhalakale yomwe inali itatenga kale chikho kasanu ndi Montreal komanso kamodzi ndi Pittsburgh. Mu 1995 Bowman anachita zomwe ligi inali isanaonepo: anaika anthu asanu a ku Russia m'bwalo nthawi imodzi, Fedorov, Konstantinov, Vyacheslav Kozlov, Viacheslav Fetisov ndi Igor Larionov. Masewera awo anali opatsirana mwachangu, moti adani ankangothamangitsa mphepo.

Komabe chikho chinkangowazemba. Mu 1995 anafika m'ndime yomaliza, New Jersey Devils n'kuwakwapula mipikisano inayi yonse. Nyengo yotsatira anapambana mipikisano 62, chiwerengero chomwe panthawiyo panalibe timu inachifikapo, koma Colorado inawatulutsa asanafike kumapeto.

CHIKHO NDI MISOZI

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 7 June 1997, m'bwalo la Joe Louis Arena lomwe lija linkakhala pululu, Red Wings inagonjetsa Philadelphia Flyers kachinayi kotsatizana n'kutenga Stanley Cup. Panali patatha zaka 42 chikho chisanabwere ku Detroit, ndi zaka 15 kuchokera pomwe wogulitsa pizza anagula timu. Pachikhopo anazokotapo dzina la bambo Ilitch, komanso la mayi Marian monga mwini mnzawo.

Chimwemwe chinangotha masiku 6. Pa 13 June galimoto yomwe inanyamula Konstantinov, Fetisov ndi mkulu wosisita minofu ya osewera inasempha msewu n'kuwomba mtengo. Fetisov anachira. Konstantinov anavulala ubongo, ndipo kusewera kwake kunathera pomwepo ali ndi zaka 30. Chaka chotsatira, mu June 1998, anzake anatenganso chikho pogonjetsa Washington Capitals. Kaputeni Yzerman atachilandira, anakachiika pamiyendo ya Konstantinov ali panjinga ya olumala, timu yonse n'kumamukankha kuzungulira bwalo.

M'nyengo yomweyo ya 1998 chikwama cha a Ilitch chinayesedwanso. Timu ya Carolina inafuna kulanda Fedorov pomulonjeza madola 38 miliyoni pa zaka 6, n'kukonza mgwirizanowo mwakuti Detroit ikafuna kumusunga, ndalama zambiri izilavule koyambirira. A Ilitch anavomera, ndipo m'miyezi yochepa analipira mnyamatayo madola 28 miliyoni. Kusiyana kwake ndi 1985 n'kwakuti ulendo uno ankalipirira katundu yemwe anali atamuyesa kale.

Chikho chinabweranso mu 2002. Ndiye mu 2005 ligi inaika malire a ndalama zomwe timu ingawononge pa malipiro a osewera, madola 39 miliyoni pachaka, pomwe Detroit inkawononga zoposa pamenepo kutalitali. Ambiri anati tiona, mpondamatiki wamangidwa manja. Koma mu 2008 Red Wings inatenganso chikho pogonjetsa Pittsburgh, kaputeni ali Lidstrom, mnyamata wa ku Sweden uja anasankhidwa mu 1989. Kuyambira 1991 mpaka 2016 timuyi inalowa m'ndime yachipulula nyengo 25 zotsatizana osadumphitsa. Mu 2003 a Ilitch anaikidwa m'gulu la anthu olemekezeka a masewerawa la Hockey Hall of Fame.

SI ZONSE ZINAYENDA

Wina asaganize kuti mkuluyu chilichonse chomwe wagwira chinkasanduka ndalama. Mu 1992 anagula Detroit Tigers, timu ya baseball ija inalephera kumukweza ali mnyamata. Anaigula kwa Tom Monaghan, mwini Domino's, mdani wawo pa geni ya pizza. Masewera omwe iwo ankawadziwa bwino ndi omwe anawasautsa. Mu 2003 Tigers inagonja mipikisano 119 m'nyengo imodzi. Anathiramo ndalama zankhaninkhani, timu n'kufika m'ndime yomaliza mu 2006 ndi 2012, koma maulendo onse awiri inagonja. Chikho cha baseball anamwalira asanachigwire.

Ku pizza nakonso kunagwa mdima. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, timu ya hockey ikunyamula zikho, masitolo mazanamazana a Little Caesars anatsekedwa. Obwereka dzina ena anakasuma kukhoti, podandaula mwa zina kuti akukakamizidwa kuoda katundu ku kampani ya banjali. Mlanduwo unatha pokambirana mu 2001. Chomwe chinadzutsa bizinesi chinali nzeru yosavuta yomwe inafalikira mu 2004: pizza yopsa kale, yotentha, ya madola 5, kasitomala angolowa, alipire, atuluke osadikira.

LENDI YA MAYI ROSA PARKS

Pali chinthu china chomwe a Ilitch anachita osaitana atolankhani. Mayi Rosa Parks ndi mayi wachikuda uja anakana kupereka mpando wake kwa mzungu m'basi mumzinda wa Montgomery mu 1955, n'kuyatsa moto wa nkhondo yolimbana ndi tsankho ku America. Pambuyo pake anasamukira ku Detroit. Mu August 1994, ali ndi zaka 81, wakuba anawalowera m'nyumba, kuwamenya n'kuwabera.

Woweruza milandu Damon Keith anayamba kuwafunira nyumba pamalo otetezeka. A Ilitch atamva, anadzipereka kuti lendi azilipira ndi iwo, ndipo analipira kwa zaka zambiri mwakachetechete. Mayi Parks anamwalira mu 2005. Nkhani ya lendiyo inadzamveka bwino mu 2014 pamene a Keith anaiulula, n'kuonetsa cheke cha madola 2,000 cha mu November 1994. Kuyambira mu 1985 kampani yawo inalinso ndi chilole chophikiramo, chotchedwa Love Kitchen, choyenda m'madera kudyetsa ulele anthu osowa ndi ogwa m'mavuto.

NANGA BANYIRA WAMKULU ANALANDIRA NDANI?

Tsopano tifike pomwe anthu a ku Detroit amasiyana maganizo. Mzindawu unali ndi anthu oposa 1.8 miliyoni mu 1950, koma pofika 2010 anatsala ongopitirira pang'ono 700,000. Mafakitale anatsekedwa, olemera anathawira kunja kwa mzinda, nyumba zikuluzikulu n'kusanduka mabwinja. Ena akuthawa, a Ilitch analowa. Mu 1987 anagula Fox Theatre, chinyumba chakale cha zisudzo chomwe chinali chitatha, anachikonza n'kuchitsegulanso mu 1988, kenako n'kusamutsira likulu la kampani yawo pomwepo. Mu 2000 bwalo latsopano la Tigers, Comerica Park, linatsegulidwa tsidya lina la msewu. Pa zimenezi ngakhale owatsutsa amavomera kuti mkuluyu anaika ndalama pomwe anzake ankaopa.

Koma tamvani izi. Mu July 2013 mzinda wa Detroit unakagwada kukhoti kuti walephera kubweza ngongole za madola pafupifupi 18 biliyoni. Anthu omwe anagwirira ntchito mzindawo moyo wawo wonse anali pa chiopsezo chodulidwa penshoni, ndipo magetsi ambiri a m'misewu anali osayaka. Patangotha masiku ochepa, akuluakulu a boma la Michigan anavomereza kuti ndalama za msonkho zithandize kumanga bwalo latsopano la Red Wings. Mu 2014 khonsolo ya mzinda inapereka malo ake omangapo bwaloli pamtengo wa dola imodzi. Bwalolo, Little Caesars Arena, linadya madola oposa 860 miliyoni, ndipo pafupifupi 324 miliyoni mwa izo zinali za anthu. Apa n'kuti chuma cha banja la a Ilitch chikuwerengedwa kuti chaposa madola 5 biliyoni.

Oikira kumbuyo ntchitoyi ankati msonkhowo unali wochokera kwa eni nyumba za pakati pa tauni, wopatulidwira chitukuko cha komweko, ndipo bwalo libweretsa ntchito ndi malonda. Kampani ya banjali inalonjezanso kuti kuzungulira bwalo kudzamangidwa nyumba zogona, masitolo ndi maofesi. Patapita zaka, atolankhani ndi anthu okhala m'deralo ankaloza malo ambiri omwe anangokhala oimikapo magalimoto, komanso nyumba zakale za banjali zomwe zinali chitsekere. Funso lawo linali losavuta: munthu wa mabiliyoni, bwanji osamanga ndi zake?

Funso limeneli aliyense amene amadula tikiti ya msika m'mawa uliwonse ali ndi ufulu wolifunsa kulikonse komwe ali. Munthu yemwe anatchuka ndi kupatsa banyira, banyira wamkulu kuposa onse anamulandira ndi iye, kuchokera kwa mzinda womwe unalibe ndi yogulira mababu omwe. Lendi ya mayi Parks ndi yoona, msonkho wa bwalo nawonso ndi woona, ndipo zonsezi ndi za munthu mmodzi.

MAPETO AKE

A Mike Ilitch anamwalira pa 10 February 2017 ali ndi zaka 87. Anthu anafola kudzawaona komaliza ku Fox Theatre. Bwalo latsopano sanalione litatha, chifukwa linatsegulidwa mu September chaka chomwecho. Mabizinesi anatsala m'manja mwa mayi Marian ndi mwana wawo Christopher.

Patangopita milungu yochepa chimwalirireni, Red Wings inalephera kulowa m'ndime yachipulula koyamba pambuyo pa nyengo 25 zija. Akatswiri akale anali atakalamba, ndipo olowa m'malo mwawo anali asanapezeke. Mu 2019 banjali linaitana Steve Yzerman, mnyamata wa zaka 18 uja wa mu 1983, kuti adzakhale bwana woyendetsa timu n'kuyambanso pansi. Mpaka 2025 timuyi inali isanabwerere m'ndimeyo, ngakhale ikusewera m'bwalo la mamiliyoni.

Ndiye mukamva wina akuti a Ilitch anadzutsa timu chifukwa anali ndi ndalama, mum'kumbutse za 1985, chaka chomwe ndalama zinagula malo omaliza pa ligi. Galimoto ya mwayi inadzaza mipando ya tsiku limenelo. Zikho zinayi zinabwera chifukwa mkuluyu analemba anthu odziwa zomwe iye sankadziwa, anawasiya agwire ntchito ngakhale zitavuta, anakaoda katundu komwe anzake ankaopa, ndipo kunyumba kunali mayi wogwira buku la ndalama. Bwalo latsopano limamangidwa zaka zitatu. Timu inawatengera zaka 15.